Phunziro 14: M'mbulu, Fisi kapena Nkhandwe?

Mau atsopano

m'mbulu, mimbulu, cithunzi, kamera, mcira, maanga, madontho, msampha, ciwewe

Werengani

M'dziko lathu la Zambia muli nyama zitatu za m'thengo zooneka ngati galu. Nyamazi ndi m'mbulu, fisi ndi nkhandwe. Zimapezeka m'mapaki monga South Luangwa ndi Kafue. Alendo amabwera kudzaziona. Amazijambula ndi makamera ao.

Kuzindikira nyama pa cithunzi n'kobvuta. Nyama ya pa cithunzi siyenda ndipo silira. Ukulu wake umanamiza. Nyama yaing'ono ikajambulidwa pafupi imaoneka yaikulu. Nyama yaikulu ikajambulidwa patali imaoneka yaing'ono. Conco munthu wanzeru amayang'ana ziwalo zitatu: makutu, msana ndi mcira.

M'mbulu uli ndi makutu akuluakulu obulungira. Msana wake ndi woongoka. Miyendo yake ndi yaitali ndiponso yoonda. Mcira wake uli ndi ubweya wambiri, ndipo kunsonga kwake n'koyera. Thupi lake lili ndi maanga akuda, oyera ndi acikasu. Mimbulu imayenda m'gulu. Imasaka nswala m'mamawa ndi madzulo.

Fisi ndi wamkulu kuposa m'mbulu. Makutu ake ndi obulungira, koma ndi aang'ono. Miyendo yake yakutsogolo ndi yaitali kuposa yakumbuyo. N'cifukwa cake msana wake ndi wotsetsereka. Thupi lake lili ndi madontho akuda. Mcira wake ndi waufupi, ndipo kunsonga kwake n'kwakuda. Fisi amakonda kuyenda usiku. Ali ndi mano amphamvu otha kuphwanya mafupa. Ngakhale amaoneka ngati galu, fisi si wa banja la agalu.

Nkhandwe ndi yaing'ono kuposa zonse ziwirizi. Makutu ake ndi osongoka. Kamwa lake nalonso ndi losongoka. Msana wake ndi woongoka. Nkhandwe yopezeka kwambiri kuno kwathu ili ndi mzere m'nthiti mwake. Imayenda yokha kapena ziwiriziwiri. Imadya mbewa, tizilombo ndi zipatso.

Kukambirana

Mtsikana wina wa Giredi 3 amakhala ku Mfuwe. Amalume ake amagwira nchito yoperekeza alendo m'paki. Tsiku lina madzulo anamuonetsa zithunzi za pa foni yao.

"Tiye tione, mphwanga," anatero amalume. "Ndi nyama yanji iyi?"

Mtsikanayo anayankha msanga. "Aa, amalume, iyi n'njosabvuta! Ndi m'mbulu. Taonani mcira wake, kunsonga n'koyera."

"Iyai, osathamanga. Waona mcira cabe. Manje yang'ana makutu."

Mtsikanayo anayang'anitsitsa. "Ndi osongoka," anatero. "Kulinso mzere m'nthiti. Kansi ndi nkhandwe!"

"Eya! Nkhandwe iyi nayonso ili ndi mcira woyera kunsonga. Ciwalo cimodzi sicikwanira. Uziyang'ana zonse zitatu."

Amalume anamuonetsa cithunzi cina. Panali nyama itaima m'maudzu aatali. Mcira wake sunali kuoneka.

"Nanga iyi?" anafunsa.

Tsopano mtsikanayo sanafulumire. "Makutu ndi obulungira, koma si aakulu. Msana ndi wotsetsereka. Pathupi pali madontho. Ameneyu ndi fisi, amalume."

"Wakhoza! Nanga izi?"

Pa cithunzi cacitatu panali nyama ziwiri za makutu akuluakulu. Zinali zitagona pa mcenga m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa.

"Iyi ndiye mimbulu yeniyeni. Koma amalume, bwanji maanga ake ndi osiyana? Uwu uli ndi banga loyera pa phewa. Uwo ulibe."

"Wafunsa bwino, mphwanga. Palibe mimbulu iwiri yofanana maanga. M'mbulu uliwonse uli ndi maanga akeake. Ndi maanga amenewo timaudziwa, monga mmene iwe umadziwira anzako ndi nkhope zao."

Cifukwa cake zithunzi n'zofunika

Mimbulu yatsala yocepa. Mu Africa yense mwatsala mimbulu pafupifupi 6,600. Zambia ndi limodzi mwa maiko ocepa amene akali nayo. Mimbulu ina imakodwa m'misampha ya waya imene anthu amachera nyama zina. Ina imagundidwa ndi magalimoto. Inanso imatenga matenda a ciwewe kucokera kwa agalu a pamudzi.

Pali bungwe lochedwa Zambian Carnivore Programme. Bungweli limaphunzira za mimbulu, afisi, mikango ndi nyama zina zodya nyama. Operekeza alendo amalithandiza polipatsa zithunzi. Akatswiri a bungweli amayang'ana maanga a m'mbulu uliwonse. Akatero amadziwa kuti gulu lili ndi mimbulu ingati. Amadziwanso umene wasowa ndi umene wasamukira kwina. M'mbulu ukaoneka ndi waya m'khosi, amaitana dokotala wa nyama kuti akaucotse wayayo.

Munthu akasokoneza nkhandwe ndi m'mbulu, ciwerengero cimalakwika. Anthu angaganize kuti mimbulu ilipo yambiri, pamene ikutha. N'cifukwa cake tiyenera kuyang'ana cithunzi mofatsa tisanachule dzina la nyama.

Ana nawonso angathandize. Angakumbutse makolo ao kuti agalu a pakhomo alandire katemera wa ciwewe. Akaona msampha wa waya m'thengo, asaugwire. Akauze munthu wamkulu. Akaona nyama ya m'thengo, asaiyandikire.

Yankhani mafunso awa

1. Chulani ziwalo zitatu zimene timayang'ana pa cithunzi.
2. N'cifukwa ciani ukulu wa nyama umanamiza pa cithunzi?
3. Ndi nyama iti imene ili ndi msana wotsetsereka?
4. Mtsikana uja analakwitsa ciani pa cithunzi coyamba?
5. Kodi akatswiri amaudziwa bwanji m'mbulu uliwonse?
6. Chulani zinthu ziwiri zimene zimapha mimbulu.

Tsirizani ziganizo izi

Sankhani mau oyenera: osongoka, madontho, m'gulu, obulungira.

1. M'mbulu uli ndi makutu akuluakulu __________.
2. Thupi la fisi lili ndi __________ akuda.
3. Makutu a nkhandwe ndi __________.
4. Mimbulu imayenda __________.

Lembani mau ocurukitsa

Citsanzo: cithunzi, zithunzi

1. m'mbulu, __________
2. fisi, __________
3. mcira, __________
4. khutu, __________
5. msampha, __________

Zocita

Khalani awiriawiri. Jambulani imodzi mwa nyama zitatuzi m'buku lanu, koma musalembe dzina lake. Onetsani bwino makutu, msana ndi mcira. Patsani mnzanu cithunzico. Mnzanuyo achule dzina la nyamayo, ndipo anene ziwalo zimene zamuthandiza kuidziwa. Mukatha, sinthanani.