Khutuba ya Ijuma: Ilimu Yopanda Phindu

Abale m'Chisilamu, timuope Allah. Ena mwa anyamata athu muno mu Lichinga akutumizirana pafoni timabuku tophunzitsa kulima chamba kuseri kwa nyumba, n'kumati kuwerenga ndiko kufuna ilimu. Komatu Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) ankapempha chitetezo cha Allah ku ilimu yopanda phindu, ndipo adatiphunzitsa kuti choledzeretsa chilichonse ndi haramu.

Tikawadzudzula amaloza ku Malawi. Kumeneko lamulo la 2020 lidalola alimi a ziphaso okha, olima chamba cha mankhwala ndi mafakitale. Kuno ku Mozambique lamulo nambala 3/97 limalanga wochilima.

Makolo, tiyeni tiwaphunzitse ulimi wa nyemba ndi mbatatesi, riziki la halali. Allah atiwongolere ana athu. Aamin.