Wailesi ikamasokosa pa SW: zoyenera kuchita pakhomo

Kuno ku Mchinji ambiri timamvera FM. Mudzi Wathu, MBC ndi Zodiak zimamveka, ndipo amene ali cha ku Mwami amagwira ngakhale Breeze FM ya ku Chipata. Komabe alipo akuluakulu amene sagona asanamve nkhani zakunja, ndipo amenewa amakankhira kabatani ka wailesi pa SW. Kumeneko n'kumene kumapezeka BBC, komanso TWR yomwe yakhala ikuulutsa mawu kuchokera ku Eswatini chiyambire 1974. ZNBC Radio 1 ya ku Lusaka, yomwe ili ndi mapologalamu a Chinyanja, malo ake odziwika ndi 5915 kHz. Channel Africa ya ku South Africa musavutike kuisaka: inachoka pa SW mu 2019 atatseka makina oulutsira mawu a ku Meyerton.

Dandaulo lomwe alangizi timalimva kawirikawiri ndi lakuti, "Wailesiyi kale inkamveka bwinobwino, pano ikungoti shiii." Ena amafika pogula ina, n'kupeza kuti nayonso ikuchita chimodzimodzi. Nthawi zambiri wailesi imakhala ilibe mlandu. Chasintha ndi pakhomo panu.

Phokoso likuchokera kuti?

Zaka zapitazo m'nyumba munkangokhala koloboyi ndi tochi. Lero muli sola padenga, kabokosi koyang'anira batire, inveta, mababu a LED ndi machaja a foni. Zipangizo zimenezi zimadula ndi kulumikiza magetsi mkati mwake kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo potero zimamwaza phokoso limene khutu silimva koma wailesi imatola. Machaja otchipa a pamsika ndiye akatundu. FM imatha kukana phokoso lotere, koma SW imalandira zonse, mawu ochokera kutali ndi zinyalala za pafupi zomwe.

Musanagule chilichonse, chitani izi madzulo amodzi. Ikani mabatire mu wailesi, muichotse kumagetsi. Zimitsani zonse m'nyumba, inveta ndi kabokosi ka sola komwe. Tcherani siteshoni yomwe imakuvutani. Ngati phokoso latha, yatsani zipangizo chimodzichimodzi mukumvetsera. Wolakwa adziulula yekha. Mukhozanso kuyenda ndi wailesi m'manja, eriyo itatambasulidwa pang'ono: pamene phokoso likukulira, mwayandikira gwero lake. Akakhala babu mmodzi kapena chaja imodzi, sinthani, kapena muzizimitsa nthawi ya nkhani. M'makomo ambiri vuto limathera pomwepa, osatulutsa ndi tambala yomwe.

Koma phokoso lina si lanu. A pa Kamwendo, Mkanda, Kapiri kapena paboma, oyandikana ndi mawaya a ESCOM, owotcherera zitsulo ndi mabenchi otchajira mafoni, simungakauze mnansi kuti atseke bizinesi chifukwa mukufuna kumva BBC. Apa m'pamene eriyo ya mkombero imathandiza.

Eriyo ya mkombero

Ndi waya kapena kachitsulo kopindidwa ngati mkombero wa lichero, kukula kwake masentimita 60 mpaka mita imodzi. Mafunde a wailesi ali ndi mbali ziwiri, ya magetsi ndi ya maginito. Eriyo yokoka ya pawailesi ija ndi waya wautali womangirira mumtengo zimatola kwambiri mbali ya magetsi, komwe kumakhalanso phokoso lambiri la zipangizo zapafupi. Mkombero umatsamira ku mbali ya maginito, motero umatola phokoso locheperako.

Ubwino wake weniweni uli pa kutembenuza. Mkombero woimikidwa chilili umamva bwino cha m'mphepete mwake, koma ndi wogontha kumaso, kumene kwaloza bowo. Ndiye inu muuzungulitse pang'onopang'ono mpaka bowolo liloze kumene kukuchokera phokoso. Pali kamalo kakang'ono pamene phokosolo limatsika mwadzidzidzi. Mukapitirira pang'ono labweranso, choncho dzanja likhale lofatsa. Siteshoni yakutali siitayika kwenikweni, chifukwa mafunde ake amayamba akwera mumlengalenga n'kutsika kuchokera kumwamba, pamene phokoso la kwa aneba limabwera chopingasa. Mukapeza malowo, lembani chizindikiro pamtengo kuti ana akautembenuza musayambirenso kusaka.

Mkombero paokha umagwira mawu ofooka. N'chifukwa chake ogulitsidwa m'masitolo a pa intaneti, otchedwa active loop, amabwera ndi kabokosi kokuza mawu komangidwa pamkombero pomwepo. Wofala ndi MLA-30 wochokera ku China, womwe umadya magetsi a 5 V kudzera pa USB. Samalani apa: mukaupatsa magetsi ndi chaja yaphokoso ija, mwaitana mfiti m'nyumba nokha. Yesani pawabanki, ngakhale ena mwa iwo amasokosanso kapena kuzima okha poona kuti magetsi akukokedwa ochepa. Mkati mwa kabokosi kokuza mawu kaja muli kotembenuza kowonjezera mphamvu. Musakafikitse kumapeto, chifukwa wailesi yaing'ono ikathodwa ndi mphamvu mumamva masiteshoni angapo ataunjikana.

Uimikeni panja, pansungwi kapena papaipi ya pulasitiki, mamita awiri kuchokera pansi. Kutalika si nkhani. Chachikulu n'kuutalikitsa ndi malata, mawaya a sola ndi inveta, mamita asanu kapena kuposa ngati nthambo yopita ku wailesi ikulola. Wailesi ikakhala yopanda bowo la eriyo, pindani eriyo yokoka ija mpaka kumapeto, mukanikizirepo waya wapakati wa nthamboyo ndi kopanira.

Kunena zoona, si banja lililonse lingakwanitse kuitanitsa chipangizochi, ndipo sitikulangiza kuti mugulitsire thumba la mtedza. Gulu lomvera wailesi pamodzi likhoza kusonkherana. Apo ayi, pitani kwa wokonza mawailesi akupangireni mkombero wosalira magetsi: waya wochindikala wa kopa wozungulizidwa kamodzi pafelemu ya mita imodzi, nsonga zake ziwiri zitalumikizidwa ku kotcherera masiteshoni kochotsedwa mu wailesi yakufa, ndi kamkombero kena kakang'ono mkati kopititsa mawu ku wailesi. Umenewu umafuna kuutcheranso nthawi iliyonse mukasintha siteshoni, koma nawonso umatembenuzika n'kukana phokoso.

Zimene mkombero sungathe

Kuthetheka kwa ziphaliwali m'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi, sikuchoka ndi eriyo iliyonse. Kukwera ndi kutsika kwa mawu nakonso ndi khalidwe la SW. Chimene mungachite n'kusankha malo oyenera nthawi yake: usiku ndi m'mamawa sakani pa 49 m ndi 31 m, masana kwerani ku 19 m ndi 16 m.

Mvula ya mabingu ikamayandikira, zulani nthambo ku wailesi ndipo nsonga yake muiponye panja, isakhale m'nyumba. Chitani zimenezi mitambo ikangoyamba kuda, osadikira kuti kuyambe kung'anima. Poimika nsungwi, yang'anani kaye m'mwamba: ikhale patali ndi mawaya a ESCOM moti ngakhale itagwa isawakhudze.