Phunziro 17: Galu Wolira Mwini Wake Akachoka

Anzathu a m'kooperativa, lero tiphunzira za galu. Galu ndi mlonda wathu. Amalonda nkhokwe usiku. Amapirikitsa anyani ndi nguluwe m'minda ya m'munsi mwa phiri la Tumbine.

Koma alipo agalu ena amene sangathe kutsala okha. Mwini wake akangonyamula khasu, galu wayamba kulira. Amakumba pansi pa chitseko. Amatafuna chingwe. Amang'amba matumba a chimanga ndi a nandolo. Wina amalondola njinga mpaka kumsika wa Milange kapena kumalire a Muloza, n'kusochera komweko.

Ambiri a ife timati galu wotere ndi wopusa. Ena amati kulira kwakeko ndi malodza. Iyayi. Galuyo ali ndi mantha. Akuopa kuti tamusiya ndipo sitibweranso.

Nthawi zambiri vuto timaliyamba ndife. Timatenga kagalu kwa make kali ndi masabata 4, poopa kuti mnzathu atitsogolera. Pa msinkhu umenewo kangoyamba kumene kunyambita phala, ndipo kakuyamwabe. Kagalu kazikhala ndi make mpaka masabata 8. Tidikire. Mwezi umodzi si chaka.

Tikabwera nako kunyumba, tisakaponye panja pokha. Tikayalire chiguduli pakhonde, pafupi ndi khomo, pamene kangamve mawu athu. Ndi bwino kupempha chisanza chimene kanali kugonapo ndi make. Fungo la make limakatonthoza.

Tsono tikaphunzitse kutsala. Tiyambe pang'ono. Tikapatse phala la mgaiwa, ife n'kupita kuseri kwa nkhokwe, n'kubwerako kasanayambe kulira. Mawa tifike kuchitsime. Mkuja tifike kudimba. Tsiku ndi tsiku tiziwonjezera nthawi. Kakalira kwambiri, ndiye kuti tafulumira. Tibwerere pa nthawi yochepa ija. Pochoka tisatsanzike, pobwera tisachite phokoso. Galu aone kuti kuchoka ndi kubwera ndi chinthu wamba. Galu wamkulu amaphunziranso chimodzimodzi, koma amatenga masiku ambiri.

Nanga tikapeza thumba atang'amba? Ndodo ikhale pansi. Galu sadziwa kuti tikumumenyera thumba la m'mawa lija. Amangoona kuti mwini wake akabwera pamakhala ululu, ndipo mantha amakula. Matumba tiike pathandala, nyumba titseke. Ntchito imeneyo ndi yathu, si ya galu.

Tsopano timvetsetse apa, chifukwa pali moyo wa ana athu. Mantha si chiwewe. Galu wamantha amakhala bata mwini wake akafika. Amadya, amamwa madzi. Galu wachiwewe amasintha khalidwe ngakhale mwini wake alipo. Amatuluka dovu, amalephera kumeza, amaluma chilichonse. Wotereyu tisamugwire. Tiuze alangizi a ziweto msanga. Munthu akalumidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Asadikire kuti ayambe wadwala, pakuti chiwewe chikaonekera sichichizika. Kagalu kalandire katemera kakakwana miyezi 3, ndiponso nthawi iliyonse alangizi akabwera ndi katemera m'mudzi.

Tikambirane: Kwathu kuno tiagalu timatichotsa kwa make tili ndi masabata angati?

Tiwerenge mokweza, kenaka tilembe m'makope: galu, kagalu, mantha, chiwewe, katemera.