Phunziro la mwezi uno: Bere likatupa, musalikande

Kwathu mayi akabereka amakhala m'chikuta, agogo kapena azakhali ali pompo kumuonetsa kagwiridwe ka mwana ndi kasamalidwe ka mawere. Kuno ku Maddington chikuta kulibe. Mayi akachira bwino ku chipatala cha Armadale kapena King Edward ku Subiaco, kawirikawiri amatuluka patangopita tsiku limodzi kapena awiri, chonsecho mkaka umachuluka cha pa tsiku lachitatu. Ndiye vuto limamupezera kunyumba, bambo ali ku ntchito ya usiku. Udindo wa agogo watigwera ife amene timayendera anzathu, choncho tiphunzitse zolondola.

Ambirife tinakula tikudziwa kuti bere likauma ngati mwala, ulithowe ndi madzi otentha, ulikande mwamphamvu, ufinye mpaka mkaka uthe. Mu 2022 bungwe la madokotala la Academy of Breastfeeding Medicine linasintha malangizo ake. Chomwe chimatsekereza mkaka makamaka ndi kutupa kwa mnofu wa m'bere, kumene kumapanikiza timisempha todutsa mkaka. Kukanda kumavulaza mnofuwo, kutupa nkuwonjezeka. Kufinya kwambiri nako kumachititsa thupi kupanga mkaka woposa umene mwana akufuna. Tikudziwa, agogo akaimba foni kuchokera kumudzi adzanena zosiyana. Ayankheni mwaulemu, koma dzanja likhale lopepuka.

Mayi ayamwitse nthawi iliyonse imene mwana wafuna, usiku womwe, ngakhale ku bere lopwetekalo. Mkakawo suvulaza mwana. Akamaliza, aikepo kansalu kozizira kwa mphindi 10, kenako asisite pang'onopang'ono ngati akusisita tsaya la khanda, kulowera kukhwapa. Ngati bere lauma moti mwana akulephera kugwira, afinye pang'ono chabe kuti lifewe. Kamisolo yothina aivule.

Nsonga ya bere ikang'ambika, nthawi zambiri vuto ndi kagwiridwe. Mwana ayasamule kwambiri, alowetse mbali yaikulu ya pakuda paja, chibwano chikhudze bere. Sopo sofunika pansongapo, madzi okha akwanira.

Koma pali pomwe ife tiyenera kulekera. Mayi akatentha thupi kuposa madigiri 38, akumva kuzizidwa ngati malungo, kapena chotupa chosasintha patatha maola 24, apite kwa dokotala tsiku lomwelo, chifukwa chikhoza kusanduka chithupsa. Pakhungu lathu lakudali kufiira sikuoneka msanga, ndiye tisadikire kuona kufiira.

Namwino wa ana amakumana ndi mayi m'masiku 14 oyambirira, kwaulere, mafunso asawabise. Usiku, aimbe ku Australian Breastfeeding Association pa 1800 686 268. Ngati Chingerezi chikuvuta, mmodzi wa ife akhale pambali poimbapo.