Moto wa Malasha Umene Unapha Zola

Pa 28 Seputembala 1902, mlembi Émile Zola ndi mkazi wake Alexandrine anabwerera ku Paris kuchokera kunyumba yawo ya ku Médan. Kunja kunali kachisanu, choncho m'chipinda chawo chogona anasonkhamo moto wa malasha, mazenera ali otseka. Pakati pa usiku onse awiri anadzidzimuka, mutu ukuwawa, mseru uli wosaneneka. Anangoti mwina ndi zimene anadya madzulo, ndipo sanafune kudzutsa antchito. Zola anatsika pabedi, koma miyendo inamukanika, n'kugwera pansi.

Kutacha, antchito anapeza mayiyo ali chikomokere pabedi. Iye anatsitsimuka. Mwamuna wake, wa zaka 62, yemwe mu 1898 analimba mtima kuikira kumbuyo msilikali Alfred Dreyfus pamene dziko linkamuda msilikaliyo, sanadzukenso. Chumuni inapezeka yotsekeka, ndipo mpaka lero alipo amene amakhulupirira kuti adani ake anaitseka dala.

Chimandiwawa n'chakuti chinamuphacho sanachione ngakhale kuchinunkhiza. Malasha akamayaka mpweya uli wokwanira, kaboni aliyense amagwirana ndi maokosijeni awiri, n'kutuluka carbon dioxide. Malasha akachuluka, mpweya n'kuchepa, moto umayaka mwanjala. Phula ndi mipweya yotuluka m'malasha otenthawo sizipsa zonse. Zina zimasanduka mwaye, umene umachititsa lawi kukhala lachikasu. Kaboni wambiri amangopeza okosijeni mmodzi, ndipo apo ndi pamene pamabadwa carbon monoxide. Mwaye munthu amauona, utsi umamutsokomoletsa. Koma carbon monoxide alibe mtundu, alibe fungo. Akalowa m'magazi amakakamira hemogulobini, amene amanyamula okosijeni, mwamphamvu yoposa ya okosijeni nthawi zopitirira 200, thupi n'kumafa ndi njala ya mpweya mapapo akupumabe. Kufooka kumabwera munthu asanazindikire, moti chitseko chili pompo koma osachifika.

Kwathu kuno ambiri sitiotha malasha, koma makala amachita chimodzimodzi. Juni ndi Julayi akafika, ku Dedza kapena ku Mzuzu mphepo ikamalasa m'mafupa, mbaula imalowa m'nyumba, ndipo mipata ya pachitseko timaitseka ndi sanza. Timayamba taidikira panja mpaka utsi uthe, kenako n'kunena kuti, "Makala akolera, palibenso vuto." Apa ndi pamene timadzinamiza. Makala ofiira bwino, opanda utsi ngakhale pang'ono, amatulutsabe carbon monoxide, ndipo okosijeni akamachepa m'chipinda amatulutsa wochulukirapo.

Othani moto, koma pogona mbaula itulutseni. Ndipo mukadzadzuka usiku mutu ukuwawa, mwana akusanza, mnzanu nayenso akudandaula chizungulire, musayambe kufunsana za ndiwo zamadzulo. Tsegulani chitseko, mutulutse aliyense, ngakhale kuli chisanu chotani, ndipo amene akulefuka kapena wakomoka muthamangire naye kuchipatala usiku womwewo.