Bokosi la Cuthbert Woyera ku Durham

Phunziro la lero litifikitsa ku Durham, m'dziko la England.

Cuthbert Woyera, Episkopi wa ku Lindisfarne, adamwalira m'chaka cha 687. Patapita zaka 11, amonke adafukula thupi lake, nalipeza losavunda, naligoneka m'bokosi latsopano la matabwa ozokotedwa. Poopa achifwamba a Viking, mu 875 adasenza bokosilo nathawa nalo, ndipo lidayendayenda kufikira lidapumula ku Durham mu 995. Polivundukula mu 1104, adapezamo kabuku ka Mthenga Wabwino wa Yohane Woyera, kamene British Library idagula mu 2012 pamtengo wa mapaundi 9 miliyoni.

Mu 1827 James Raine, mbusa wa Anglican, adatsekula mandawo. Iye sankakhulupirira kuti thupi lidali losavundabe, ndipo adapezadi mafupa. Ntchitoyo adaigwira mwaphuma. Pamenepa sitingamuyamikire, pakuti matabwa adatuluka ali zidutswazidutswa. Komabe pachifuwa, mkati mwa nsalu zokulungira, adapeza mtanda wa golide wokongoletsedwa ndi timiyala tofiira, umene nthumwi za Mfumu Henry VIII sizidauone pamene zidalanda chuma cha pamandapo. Yang'anitsitsani mtandawo: mkono wake umodzi udathyoka kalekale nulumikizidwanso. Akatswiri amaona pamenepo umboni wakuti sudali wongosungidwa, koma mwini wake ankauvala. Mudalinso chipeso cha mnyanga ndi kaguwa ka nsembe konyamula paulendo.

Zidutswa zija zidasungidwa. Mu 1939 Ernst Kitzinger adaziyala moleza mtima, monga mayi amene alunzanitsa mapale a mbiya yosweka. Pamenepo zithunzi zidaoneka bwino: pachivundikiro Ambuye Yesu ndi zizindikiro za Alembi anayi a Mthenga Wabwino, m'mbali Atumwi ndi Angelo akulu, kumapeto Maria Virgo Woyera atafukata Mwana. Maina ena ngolembedwa m'zilembo za Chilatini, ena m'zilembo zakale za makolo a anthu akumeneko.

Mu 2017 zinthuzi zidaikidwa poyera, m'khitchini yakale ya amonke, kuti ana asukulu ndi alendo azizione. Ena angafunse ngati nkoyenera kuti za munthu woyera zikhale m'magalasi. Funsolo sindilipeputsa. Koma dziwani kuti mafupa ake sali pachionetsero: adabwezedwa m'manda, kuseri kwa guwa lalikulu, pansi pa mwala wolembedwa dzina lake, kumene anthu amagwada mpaka lero.