Kusiyana kwa Maikulosikopu ya Kuwala ndi ya Maelekitironi

Mwana akatentha thupi ku Mitundu, mayi ake amathamangira naye kuchipatala kuti akamuyeze malungo. Masiku ano nthawi zambiri amayeza ndi kachipangizo kofulumira, komabe pofuna kudziwa mtundu wa tizilombo ndi kuchuluka kwake m'magazi, achipatala amadalira maikulosikopu. M'nkhani ino tiona mitundu iwiri ya makina amenewa, mmene imagwirira ntchito ndiponso kusiyana kwake.

Poyamba tione maikulosikopu ya kuwala. Woyeza amapaka kadontho ka magazi pa kagalasi, nkukaumitsa, kenaka nkukathira mankhwala opereka mtundu otchedwa Giemsa. Kuwala kochokera pansi kumadutsa m'magaziwo, ndipo magalasi a makinawa amakuza chithunzi pafupifupi ka 1,000. Ndi makina otere amene Alphonse Laveran adaonera kachilombo ka malungo m'chaka cha 1880 ku Algeria.

Komabe kuwala kuli ndi malire. Milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000, ndipo tinthu tiwiri toyandikana kuposa mananomita 200 timaoneka ngati kanthu kamodzi. Selo yofiira ya m'magazi ndi yaikulu mananomita pafupifupi 7,000, choncho kachilombo kobisala m'kati mwake kamaoneka. Mavairasi ambiri ndi ochepetsetsa. Mwachitsanzo, alimi a fodya a ku Mitundu ndi ku Nathenje amaona masamba ochita mawangamawanga. Nthawi zina chimayambitsa ndi vairasi yotchedwa tobacco mosaic, yomwe m'mimba mwake ndi mananomita 18 okha.

Apa ndi pamene maikulosikopu ya maelekitironi imathandiza. Ernst Ruska ndi Max Knoll adaipanga ku Germany m'chaka cha 1931. M'malo mwa kuwala, makinawa amawomba maelekitironi pa chinthu chopimidwacho, ndipo m'malo mwa magalasi muli maginito oyendera magetsi amene amawongolera maelekitironiwo. Amatha kukuza chithunzi koposa ka 1,000,000. Vairasi ya fodya ija idaoneka koyamba ndi makinawa m'chaka cha 1939, ndipo idapezeka kuti imafanana ndi kandodo.

Ngakhale zili choncho, mphamvu zimenezi zili ndi zovuta zake. M'kati mwa makinawa amachotsamo mpweya wonse, kotero chamoyo sichingaonedwe chikuyenda. Kukonza chopimidwacho kumatenga nthawi yaitali, chithunzi chake chilibe mtundu, ndipo makinawa ndi okwera mtengo zedi komanso amafuna magetsi osathimathima. Pomwe maikulosikopu ya kuwala imanyamulika m'manja, imaonetsa zamoyo, ndipo zotsatira za malungo zimatuluka tsiku lomwelo.

Pomaliza, sitinganene kuti ina imaposa inzake pa zonse. Wofufuza maonekedwe a vairasi amafuna maelekitironi, koma mwana wodwala uja amathandizidwa ndi kuwala. Wophunzira sayansi, kaya ndi wa kusekondale kaya wa ku Bunda, ayenera kuyamba wadzifunsa kukula kwa chomwe akufuna kuona asanasankhe makina.